Nkhondo ya Chingwe Chimodzi cha Foni ku Primrose

Tcherani khutu, inu a ku Primrose ndi a ku Tsakane, inu a ku Alrode omwe mumadzutsidwa ndi kulira kwa mafakitale, ndi inu nonse machona omwe munawoloka Limpopo ndi chikwama chimodzi, pakuti ndikuti ndisimbe za nkhondo yomwe inabuka m'chaka cha 1999, masiku aja dziko lonse linali ndi nthumanzi kuti makompyuta adzapenga chaka chikamatha, nkhondo yomwe sinalembedwe m'nyuzipepala iliyonse ngakhale inagwedeza zipinda ziwiri zathunthu za kuseri kwa nyumba ya mzungu wina. Sinali yolimbirana dziko kapena mgodi wa golide. Inali yolimbirana chingwe chimodzi cha foni.

Mbali ina kunali a Bonaventure Chimphamba, Mfumu ya Mabagala, Chiwotchazitsulo wa ku Dedza, munthu amene anatchinga mawindo a theka la Primrose mpaka akuba kumawatukwana osawadziwa nkhope. Ngwazi imeneyi itapeza mapepala okhalira ku Joni inapita yokha, popanda woikoka, kukalembetsa ku msonkho. Poti inali yodzilemba yokha ntchito, boma linaiika m'gulu la olipiriratu: kumapeto kwa Ogasiti ndi kumapeto kwa Febuluwale munthu amayerekeza yekha phindu lake n'kupereka gawo la boma asanafunsidwe, ndipo wochedwa ngakhale ndi tsiku limodzi amalipira chindapusa. Kwa zaka ziwiri a Bonaventure anapirira pamzere wa ku ofesi ya msonkho ku Germiston, mzere wautali wokhota pangodya, moyang'aniridwa ndi a Japhet, mlonda wa pakhomopo, yemwe analinso mnzawo woimba besi m'kwaya ya Amalawi ku Tsakane.

Koma fakitale ina ku Alrode itagulitsa katundu wake wakale, ngwazi yathu inabwerako itanyamula kompyuta pabaki, kagalimoto kake konyamulira katundu, pamodzi ndi kabokosi kotchedwa modemu, kolumikiza kompyutayo ku banki kudzera pa chingwe cha foni. Lamulungu lotsatira, mapemphero atangotha, anakwera kumbuyo kwa bakiyo, nadziguguda pachifuwa pamaso pa mpingo wonse.

"Abale anga mwa Ambuye, makamaka inu a Japhet! Mundiyang'anitsitse lero, chifukwa pamzere wanu uja simudzandionanso. Lachisanu likubwerali, tsiku lomaliza lenileni, anthu akupsa ndi dzuwa kwanuko, ine ndidzalipira boma ndili khale pampando wanga, nditavala masilipasi, ndi chala chimodzi ichi!"

A Japhet anangokanda kumutu. "Shapu, a Bona. Mara ife chitseko timatseka folo koloko, kaya munthu ali ndi chala kaya alibe."

Mbali inayo kunali a Stella, mayi a Mavis, akazi awo a ngwaziyo, Mkuntho wa ku Linthipe, Wosita Malaya a Mabwana Asanu, mzimayi amene sanagonjepo pa mtsutso wa mtengo wa tomato kuyambira ku Dedza mpaka ku Germiston. Nawonso Lachisanu lomwelo anali nalo ntchito. Milungu itatu m'mbuyomo anatumiza kalata kumudzi kudzera kwa dalaivala wa basi, kuuza mayi awo, omwe ankasunga Mavis, kuti pa 26 Febuluwale, filii koloko masana, adzayende kuchokera kumudzi kukaimba foni pa positi ofesi ya pa Linthipe, mphindi zitatu basi. Kalata yopita sibwezedwa panjira. Kuimba kuchokera kuno sikukanathekanso, pakuti a Bonaventure eni ake, pofuna kusamala m'thumba, anatseketsa foniyo kuti isamaimbe kunja kwa dziko.

Tsono vuto linali apa. Kompyuta ikamalankhula ndi banki, chingwe chonse chimakhala chake: woimba kuchokera kwina amangomva tu-tu-tu, ndipo wa m'nyumba akanyamula foni, kulankhulana ndi banki kumaduka pomwepo. Banki nayo inali ndi lamulo lake, loti cholipiridwa folo koloko itadutsa chimawerengedwa cha Lolemba. Lolembalo linali kale m'mwezi wa Malichi.

Tsiku la nkhondo linafika. Thu koloko itakwana a Bonaventure anavala masilipasi monga analumbirira, nakhala pampando, nadina batani. Modemu inalira kulira kwake kuja, ngati mwana wa nkhumba wopanikizika pa mpanda, mpaka galu wa mzungu anayankha kuseri. Tsamba la banki linayamba kutsika pang'onopang'ono, mzere umodzi, kupuma, mzere wina. Ngwazi inalemba nambala yachinsinsi ndi chala chija, molakwika koyamba, molondola kachiwiri, ndipo pofika hafu pasiti thu inali itagonjetsa masamba awiri athunthu.

Apo m'pamene a Stella, atabwera msanga kuntchito, anadutsa ndi kansalu kopukutira fumbi, napukuta foni, nainyamula kuti amve ngati ili moyo. Modemu inangoti zii.

"Mayi a Mavis!" inabangula Mfumu ya Mabagala. "Mwagwetsa ntchito ya theka la ola! Kodi mukudziwa kuti ndinali pakhomo penipeni pa banki?"

"Pakhomo pa banki muli m'masilipasi? Ine ndimangoona ngati foni ikugwira, bambo a Mavis. Ndinakuuzani Lolemba, ndinakuuzani Lachitatu, kuti amayi aimba filii koloko."

"Pofika filii koloko ndikhala nditamaliza kalekale. Izi n'zamakono, sizichedwa."

Modemu inaliranso, galu anayankhanso, ndipo ulendo unayambira poyamba penipeni. Koma tsiku limenelo zikuoneka kuti olipiriratu onse a mu Joni muno anali ataunjikana pa chingwe, chifukwa tsamba lililonse linkabwera mokakamizidwa. Thukuta linali kamukamu. Teni thu filii a Stella anafika ataimika manja m'chiuno, namanga msasa pakati pa tebulo ndi chitseko.

"Tamverani, inu a zala! Mayi anga ndi munthu wa nyamakazi. Anyamuka kumudzi m'mawa, adutsa madambo awiri, pano akhala pakhonde la positi ofesi. Kompyuta yanuyo yayenda mtunda wanji lero?"

"Tamverani nanunso, inu a nsimbi!" anayankha a Bonaventure, ataimirira kuti mawu atuluke bwino. "Ine ndinalankhula pamaso pa mpingo. Ndikachedwa lero, chindapusa chindigwera, ndipo a Japhet adzandiseka mu besi mpaka Khirisimasi. Apongozi ndimawalemekeza kwambiri, koma nkhani yawo ndikuidziwa kale: mvula, fetereza, ndi mbuzi ya a Sefu yomwe yalowanso m'munda. Zimenezo zingadikire mphindi khumi."

Filii koloko inakwana. Dzanja la a Stella linapita ku foni, koma ngwazi, yozolowera kugwira zitsulo zamoto, inaphimba foniyo ndi chipewa chake chowotcherera n'kuikapo chigongono. Mkuntho wa ku Linthipe unazungulira tebulo kufuna chingwe kukhoma. A Bonaventure anatchinga ndi mwendo, silipasi imodzi n'kugwera kunsi kwa bedi. Anayang'anizana maso ali psuu, kompyuta ikung'ung'udza pakati pawo. Mphindi zisanu zinapita, kenaka khumi. Pamapeto pake tsamba lomaliza linatulukira, lofunsa ngati munthu watsimikiza kulipira, koma batani lotsimikizira linali lisanafike. Panali kabokosi kopanda kanthu, ndi kamzere kobiriwira kakukwawa pansi.

"Taonani! Kwangotsala pang'ono!" anafuula a Bonaventure.

Atacheuka anapeza a Stella atakhala pamphepete pa bedi, manja ali pamiyendo, akuyang'ana wotchi ya pakhoma. Mkuntho unali utaleka, ndipo m'zaka khumi za ukwati a Bonaventure anali asanaonepo chinthu choopsa chotere.

"Ndimafuna mudzangomva nokha," anatero a Stella motsitsa. "Amayi sanapite okha. Apita ndi Mavis. Mwanayo wakhala akuyeserera kulankhula pa chitsononkho mwezi wonse, ati akufuna amve mawu a bambo ake. Matola omaliza obwerera kwathu amanyamuka hafu pasiti filii."

A Bonaventure anachoka kumudzi Mavis ali ndi zaka ziwiri, ndipo tsopano anali ndi zisanu ndi ziwiri. Ankamudziwa pa chithunzi chimodzi, chojambulidwa ataima chilili, atavala nsapato zomwe iwo anatumiza, zazikulu kuposa phazi. Mawu ake anali asanawamvepo chiyambire kulankhula bwinobwino. Manyazi anawagwira, ndipo mtima unawawawa koopsa.

Nthawi yomweyo batani lija linatulukira, lonyezimira, lokonzeka, koma kulidina kunkatanthauza kudikiranso yankho la banki, kaya mphindi zisanu kaya khumi. Chala chotchuka chija, chomwe mpingo wonse unachiona, chinaima m'malere. Kenaka Chiwotchazitsulo wa ku Dedza anawerama, nagwira chingwe kumbuyo kwa modemu, nachizula ndi dzanja lake lomwe. Anachotsa chipewa pafoni, nakhala pansi pafupi ndi akazi awo.

Foni inangokhala chete. Kota pasiti inali itadutsa kale. Ngwazi yomwe inkanyoza mizere inaphunzira masana amenewo kuti kudikira kwenikweni n'kotani. Inapenda foni, inapenda wotchi, inafuna kunyamula kuti imve ngati ili moyo, a Stella n'kuimenya padzanja. Wotchi inafika pa hafu pasiti, n'kupitirira ndi mphindi imodzi.

Ngrii! Ngrii!

Onse awiri analumphira limodzi, mitu n'kugundana, koma a Stella anakankhira foni kukhutu kwa amuna awo. Munali mphepo ndi kuthetheka, ndipo patali, patali zedi, kamawu kakang'ono kakufuula monga amafuulira anthu oimba foni koyamba.

"Halo! Ndine Mavis Chimphamba, Sitandade 2! Ndinu adadi?"

"Ndine, mwana wanga. Ndine."

"Adadi, foni yanu imangoti tu-tu-tu. Tayesa kasanu. Agogo anati tizipita, mwina mwatanganidwa ndi zofunika. Ine ndinakana, ndinagwira chitseko cha positi ofesi. Zofunikazo mwamaliza?"

Munthu amene analankhula pabaki popanda kupuma anakanikiza foni kukhutu. Misozi inatsikira m'ndevu. "Ndamaliza, mama. Panalibe chofunika chilichonse."

Anauzidwa kuti dzino lakutsogolo lachoka, kuti nsapato zija tsopano zikukwana, ndiponso kuti mbuzi ya a Sefu yalowadi m'munda. A Stella analandira mphindi yotsalayo, kumva kuti wamatola wavomera kudikira, ndipo chingwe chinaduka.

Atapukuta m'maso, Mkuntho wa ku Linthipe unadzukanso. Unatsegula chikwama n'kutulutsa buku la macheke ndi fomu ya msonkho, zomwe unaziika m'menemo m'mawa, a Bonaventure akadali m'bafa. "Kwatsala mphindi makumi awiri. Kiyi wa baki ali kuti?"

Za ulendo wa ku Germiston olemba mbiri amasiyana. Ena amati baki inadutsa mateksi asanu ndi awiri, ena amati khumi, koma onse amavomereza kuti woyendetsa anali ndi silipasi phazi limodzi lokha. Anafika kutatsala mphindi zitatu, a Japhet atagwira kale chitseko, chibonga chili m'khwapa. Mlondayo anayang'ana nkhope, anayang'ana cheke, anatsitsa maso mpaka kuphazi lopanda kanthu lija, ndipo anakhosomola mu besi.

"Hawu! Kodi si a Bona awa? Eish, ndimayesa ndikuona mzukwa. Nanga chala chija chathyoka?"

"A Japhet," inatero ngwazi, mutu uli pansi, "ndabwera pamzere."

"Lowani, mfowethu, m'bale wanga. Mzere sukana munthu. Muime kumbuyo kwa amayi a diresi la maluwawo, ndinu omaliza."

Chidindo chinagunda pa fomu folo koloko itapitirira ndi mphindi makumi awiri, koma wolowa chitseko chisanatsekedwe amawerengedwa wa tsiku lomwelo, choncho chindapusa chinawaphonya.

Pangano la mtendere linasainidwa madzulo omwewo pa boneti ya baki, kumbuyo kwa envulopu ya msonkho, a Japhet ali mboni, ataima njo ndi sailuti. Mfundo yoyamba inati msonkho uzilipiridwa kutatsala mlungu wathunthu, ndi chala kapena ndi miyendo. Mfundo yachiwiri inati Lachisanu lomaliza la mwezi uliwonse chingwe n'cha Linthipe. Yachitatu, yomwe anaumirira a Japhet, inati wogonja agule magwinya, mandasi a ku Joni kuno, asanu ndi limodzi ndi botolo lalikulu la zoziziritsa kukhosi; ndipo poti sizinadziwike kuti wagonja ndani, anagula a Bonaventure. Anadya ataimirira, mboni inaimba vesi imodzi ya nyimbo ya chiyamiko, ndipo wogulitsa magwinya anaomba m'manja osadziwa chomwe chachitika. Kunyumba kompyuta inavekedwa kansalu koluka, n'kuikidwa maluwa apulasitiki pamutu, monga amachitira ndi mfumu yopuma pa udindo.

Kuyambira pamenepo, aliyense wofuna geti kapena mabagala ku Primrose ankadziwa kuti Lachisanu lomaliza la mwezi sapita kwa a Chimphamba masana. Thu koloko ikangokwana, Mfumu ya Mabagala inkazula modemu, kukoka mpando, n'kukhala pafupi ndi foni manja ali pamaondo, ola lathunthu nthawi isanakwane. Tsiku lina a Stella anadutsa ndi kansalu kawo kuti apukute fumbi, ndipo ngwaziyo inatchinga foni ndi manja onse awiri.

"Musaigwire, mayi a Mavis. Mwana angamve tu-tu-tu."