Mbuzi ya malemu apongozi

Nkhani iyi ndaibisa zaka zambiri, ndipo mpaka lero ndikaikumbukira ndimasowa poyang'ana.

Nthawi imeneyo ndinali kalaliki pa boma ku Mangochi, munthu wa tayi, wodzimva kuti palibe kalata ingandivute. Alamu anga a Saidi, achimwene ake a mkazi wanga, anakhazikika kalekale ku Tanzania, tsidya lija la nyanja. Analemba kalata kuti mwana wawo Halima akukwatiwa. Mkazi wanga Asiyatu anali woyembekezera, choncho woimira banja lonse ndinali ine.

Kalatayo ndinaiwerenga chamumtima, nditakhala pakampando kanga kapakhonde. Munali malangizo onse: pasipoti, khadi la katemera, tsiku lokwera sitima ku Monkey Bay. Kumapeto anati, "Chonde musaiwale mbuzi ya malemu mayi. Anailonjeza kwa Halima asanatisiye."

Asiyatu sanapite patali ndi sukulu, ndiye anapempha kuti ndimuwerengere. Ndinamuyankha kuti za maulendo akunja atisiyire ife odziwa. Ndinangolowa m'khola n'kusankha yonenepa kwambiri mwa mbuzi zomwe apongozi anasiya. Asiyatu anayesa ndi mphatso, mpaka anandiyamikira.

Masiku amenewo ulendo wa ku Tanzania sunali wamasewera. Akuluakulu a chipani anandifunsa kawiri chomwe ndikukatsata kumeneko, khadi langa la chipani akulitembenuzatembenuza. Komabe mapepala anga anatuluka msanga kuposa chilolezo cha mbuzi, chomwe ndinachiyendera milungu itatu. M'sitima mbuziyo inalira njira yonse, inatafuna tayi yanga theka, okwera anzanga akundinyogodola. Ndinapirira, poti anali mawu a malemu.

Ndinafika tsiku la ukwati lenilenilo, abale atadzaza pabwalo. A Saidi anandikumbatira, kenako n'kuyamba kusuzumira katundu wanga.

"Alamu, nanga mbuzi ija ili kuti?"

"Nayi," ndinatero monyadira, ndikukoka chingwe.

Halima anayang'ana mbuzi, anayang'ana ine, misozi n'kuyamba kutsika. Zinandipweteka mtima, koma sindinadziwe chomwe ndalakwa.

A Saidi anandikokera pambali n'kundifotokozera mofatsa ngati akupepesa maliro. M'Chiswahili, mbuzi ndi kampando kathabwa kopalira kokonati, kokhala ndi kachitsulo ka mano kutsogolo. Mayi awo anakalandira pa ukwati wawo, ndipo mdzukulu wawoyu anakadikira kuyambira ali kamtsikana.

"Kachitsulo ka mano kutsogolo?" ndinafunsa.

"Eya. Munakaonapo kunyumbako?"

Kukaona ndiye ndinakaona. Ndi komwe ndinakhalira powerenga kalata ija, ndipo pakachitsuloko m'pomwe ndinkachotsera matope kunsapato zanga m'mawa uliwonse.

"Kali bwino," ndinatero. "Timakasamala."

Mukaitanidwa ku ukwati wakunja, abale anga, pasipoti konzani ndithu, koma kalata muziiwerenga mokweza, akazi anu ali pomwepo.