Mmene Ndinanenepetsera Mabatire a Droni

Mukadzafika kwa apongozi anga, chakumwera kwa Embangweni, musadzatchule za ndege pamaso pa mlamu wanga Lusungu. Kuseka adzaseka ndithu, ndi mwana waulemu, koma diso adzaliponya kwa ine.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Ku Mzimba kuno ndinabwerera ntchito, n'kukwatirako. Ndili ndi droni, kandege kojambula kali m'mwamba, kamene ndinagula kwa mnzanga wa ku Mzuzu pamodzi ndi mabatire awiri. Ndikati kamauluka kawirikawiri ndinama. Kamadzuka kukakhala ukwati, kenako n'kugona m'katoni miyezi.

Tsono lamulo la m'nyumba zathu mukulidziwa: magetsi akangoyaka, chilichonse chotchajidwa chithamangire pa soketi asanazimenso. Mafoni, tochi, wailesi. Mabatire a droni ndinawaika pa mzere womwewo, kuti wina akati bwerani mudzajambule, ine ndingonyamula.

Chinandidabwitsa n'chakuti ndikawadzaza n'kuwasiya, pakapita masiku ndinkapeza moto watsika mpaka chapakati. Ndege sinauluke, katoni sanaigwire munthu. Kuwakhudza, akufunda ngati dzira loti nkhuku yangodzukapo. Kodi motowu ukupita kuti? Funso limeneli linandilowa m'mutu osatulukamo, ndipo woyamba kumuganizira anali mkazi wanga, NyaShaba.

"Mayi, kodi mumatchajirako foni ku mabatire angawa?"

"Nditchajire pati? Ali ndi polowetsa chingwe changa?"

Ndinawatembenuza uku ndi uku. Analibe. (Sindinapepese. Munthu ali pa kafukufuku sapepesa.)

Ndinawatsekera mu sutikesi, kiyi m'thumba mwanga. Moto unatsikabe. Ndinati mwina ndi chisanu cha kuno, pajatu mphepo yochokera ku Chikangawa imalowa mpaka m'mafupa, ndiye ndinawakulunga m'bulangete. Chimodzimodzi. Kenako ndinakumbuka za amakaniko amene amati batire ya galimoto usaike pa simenti, pansi pamakoka moto. Ndinawakweza pamwamba pa kabati, pafupi ndi malata pomwe masana pamatentha koopsa. Ndipo nthawi zonsezi, moto ukangotsika, ine ndinkawadzazanso mwamakani, kuti tione atope ndani.

Mabatire aja anayamba kunenepa. Ndinatenga imodzi kupita nayo kumsika kwa Che Idrisa, amene amagulitsa matchaja ndi zikwama za mafoni. Anaifinya ndi chala, n'kundiyang'ana.

"Achimwene, iyi ili ndi pakati. Ya foni ikatere timataya."

"Komatu moto ikudzaza bwinobwino."

"Aa, ndiye za ndege mukudziwa ndinu. Ine ndi za mafoni."

Ndinamva kukoma kutchedwa wodziwa za ndege, moti za kutayazo zinandidutsa.

Apa m'pamene ukwati wa Lusungu, mng'ono wa mkazi wanga, unayandikira. Mtsikanayu anali ndi khumbo limodzi lokha. Anaona pa foni akwati ena atajambulidwa kuchokera m'mwamba akulowa m'mudzi, anthu akuvina mbali zonse, ndipo anafuna zomwezo. Akuchimuna anati aitane wojambula wa ku Mzuzu, iye anakana. "Alamu anga ali nayo ndege," anatero, monyadira.

M'mawa wa tsikulo batire ina inakaniratu kulowa. Inayo inalowa, koma osamveka kuti khe. Ndinadula mphira wa chubu cha njinga n'kuimanga pamimba pa ndege, monga timamangira thumba la chimanga pa kaliyala. Mkazi wanga anaona, nati, "Ndege ya mphira?" Ine ndinati ukadaulo sauona ndi maso.

Akwati atatsika galimoto kumsewu, anthu anayamba kuwavinira kulowa nawo m'mudzi. Ndinakweza ndege. Pa foni batire inkaonetsa yodzaza, mtima wanga unali m'malo. Ndinaipititsa kuseri kwa khola la ng'ombe kuti ibwere bwino kutsogolo kwa akwati. Lusungu anaimitsa gulu lonse, monga tinagwirizana, nakweza maluwa m'mwamba. Onse anakweza manja, ndi azibusa omwe.

Ndiye foni inayamba kulira. Moto uja unagwa kamodzi n'kamodzi kuchoka podzaza kufika pofiira. Apanso, ndikuuzeni zoona, mantha asanafike chinabwera ndi chidwi: ha, tsopano wapita kuti? Ndege inasiya kundimvera, inayamba kutsika yokha pomwe inalipo, mwaulemu, pang'onopang'ono. Pansi pake panali khola, ndipo ng'ombe zinali zisanatsekuliridwe chifukwa oweta ake analinso ku ukwati.

Anthu anapitiriza kubayibitsa thambo lopanda kanthu. Ine ndinalumpha mpanda ndi suti yanga, ndowe mpaka m'akakolo, kukalanda ndege pakamwa pa ng'ombe yamawanga imene inali itayamba kulawa mphira.

Madzulo tinakhala pakhonde kuonera zimene ndege inajambula. Apongozi aamuna, amene amanditcha mkweni, ndiye kuti mkamwini, anabweretsa nkhope pafupi ndi foni.

"Mkweni, imikani apo. Iyo ndi ng'ombe yanga ya nyanga imodzi. Bwezani kumbuyo." Anazitchula zonse maina, imodziimodzi, akuseka. "Yewo chomene, mkweni. Sindinazionepo misana yake chonchi."

Lusungu, akadali mu diresi lake loyera, anafunsa motsitsa mawu, "Alamu, nanga ine ndili pati?"

Ndinabweza, n'kubwezanso. Pakona, khola lisanadzaze chithunzi, panali kadontho koyera ngati njere ya mpunga.

"Apa," ndinatero.

"Mbwenu, basi," anayankha. Sanalire, ndipo chimenecho n'chomwe chinandipweteka kwambiri.

Nditabwerera kunyumba ndinaimbira mnzanga wa ku Mzuzu uja. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti mabatire amenewa amadzitsitsa okha moto mwadala, chifukwa akakhala odzaza osagwira ntchito amatupa, makamaka pamalo otentha. Kufunda kuja kunali kutaya motowo. Umawasunga ali theka, pozizirira bwino, n'kuwadzaza pokhapokha ngati mawa lake ukuuluka.

"Ndiye wakuba ndinkamusakayo?"

"Amakupulumutsa, aise. Iwe n'kumalimbana naye."

Lero ndili ndi batire yatsopano, imakhala pamthunzi ili theka. Koma magetsi akangoyaka, dzanja limapita lokha ku katoni, moti NyaShaba anachita kubisa tchaja. Mwezi wathawu Lusungu anaimba kutiitanira ku ubatizo wa mwana wake woyamba. Ndinamuuza mwachimwemwe kuti tsopano chinsinsi cha mabatire ndinachipeza, ndipo mwanayo tidzamujambula kuchokera m'mwamba.



"Alamu, inu mubwere," anatero. "Adada okha ndi amene akufunsa za ndege. Akuti ng'ombe ya nyanga imodzi ija yabereka."