Lalanje la Mestre Zakeyu

Ndiyambe ndi kunena kuti asewere anga a ku Tete ali moyo, ali bwino, ndipo maso awo anachira patangopita masiku awiri. Ndatsogoza zimenezi chifukwa pamsika wa Zóbuè pali anthu amene amaifotokoza nkhaniyi mokokomeza, moyambira kumchira, ndiponso m'Chichewa chothyokathyoka. Ngati munthu ayenera kuchititsidwa manyazi, kuli bwino achititsidwe m'ziganizo zoyalidwa bwino. N'chifukwa chake ndailemba ndekha.

Ndinagwira ntchito zaka zambiri ku Moatize, mu eskritoryo (ndiye kuti ofesi) ya kampani ina ya malasha, nthawi ija m'tauni monse munali fumbi, magalimoto oyera ndi anthu a zipewa zolimba. Ine sindinakumbepo khala ngakhale limodzi. Yanga inali ntchito yolemba ndi kukonza makalata, ndipo kalata yodutsa m'manja mwanga inkatuluka yowongoka ngati njanji. (Bwana wina anandiuza kuti ndinabadwa ndi rula m'diso. Ine ndinayesa akundiyamikira.) Nditapuma pantchito ndinabwerera kwathu kuno ku Zóbuè, kumene mkazi wanga, Naphiri, anali atayendetsa nyumba ndi munda wa mbatata zaka zonsezo popanda rula.

Mwana wathu Felisita anakwatiwa ndi mnyamata wa mumzinda wa Tete. Makolo a mnyamatayo, ndiwo asewere athuwo, atabwera kudzationa koyamba, tinawaikira madzi m'bafa lathu la kuseri, lotchinga ndi udzu, la mwala woimapo pakati. Asewere aamuna ndi munthu wamkulu thupi ndi mawu omwe, ndipo amanditcha kompadre monga achitira a m'tauni. Anatuluka akupukuta khosi, nati: “Kompadre, muli ndi mwayi inu. Ife ku Tete timasamba motsekeredwa ngati akaidi. Kuno munthu umasamba uku ukupuma mpweya wabwino, nkhuku zikukuchezetsa.” Onse anaseka. Inenso ndinaseka, koma mawu amenewo ndinagona nawo chaka chathunthu.

Tsono mdzukulu atabadwa, n'kugwirizana kuti adzabatizidwe kutchalitchi kwathu kuno, ndinalumbira mumtima kuti asewere sadzachezanso ndi nkhuku zanga. Ndinamva kuti msasa wina wa antchito ku Moatize ukutsekedwa ndipo katundu wake akugulitsa. Ndinabwerako ndi shuveiro (shawa, kwa abale athu a tsidya lija la malire), matailosi oyera, kabati yoima pansi ya galasi kutsogolo, chibeseni chosambiramo munthu chogona, ndi nivelo, kachitsulo kaja kokhala ndi kadontho ka mpweya m'kati kamene amisiri amayezera ngati chinthu chawongoka. Chibeseni chija chinakana kulowa pakhomo, ndipo mpaka lero chili pansi pa mtengo wa mapeyala, abakha a Naphiri akusambamo chogona. Imeneyo ndi nkhani ina. Yathu ndi ya nivelo.

Ntchito ndinaipereka kwa Mestre Zakeyu, mmisiri amene anaphunzira kumanga ali kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo chibwerere wamanga nyumba zambiri za m'dera lathu lino. Ndi munthu wosayankhula kawirikawiri, ndipo amanditcha patarau, kutanthauza bwana. Kachipinda ka kumapeto kwa mpita wa m'nyumba anakaboola, analowetsa mapaipi ochokera kuthanki ya panja, ndipo zonse zinkayenda bwino mpaka tsiku limene ndinalowamo iye akuyala matailosi pansi.

Ndinamupeza akutulutsa lalanje m'thumba. Analiika pafupi ndi khomo, lalanje lija n'kuyamba kugubuduzika lokha, pang'onopang'ono, mpaka kukaima pakadzenje kotulukira madzi pakona. Mestre anagwedeza mutu mokhutira. Ndinathamangira kuchipinda, n'kutenga nivelo yanga, n'kuiika pansi. Kadontho kaja kanathawira kumapeto ngati kaona mkango.

“Mestre,” ndinatero, “pansi pano papendekeka.”

“Eya, patarau. Ndapendeketsa ndine.”

“Ndiye mukuvomera?”

“Madzi alibe maso, patarau. Umachita kuwalozera njira.”

Ndinamufotokozera modekha kuti dzenje lili poyera, madzi sangalephere kulipeza. Kuti ndayenda zaka zambiri m'nyumba zomangidwa ndi mainjiniya a kunja, ndipo palibe ngakhale imodzi imene pansi pake panali popendekeka.

“Mu eskritoryomo munkasambamo?” anafunsa iye.

Funso limeneli ndinaliona ngati mwano, choncho sindinaliyankhe. M'malo mwake ndinalamulanso kuti kamzere ka simenti kamene anatukula pakhomo kachotsedwe, poopa kuti asewere angapunthwe. Apo Mestre anaika chipande chake chomangira pansi, n'kufuula: “Mayi! Tabwerani mudzamve ndi makutu anu, mawa ndingadzayende ndi dzina loipa.”

Naphiri anabwera manja ali mbuu ndi ufa. Anamvetsera mbali zonse ziwiri, kenaka anatembenukira kwa ine. “Atate ake Felisita, munthu uyu wamanga mabafa angati, nanga inu mwamanga angati?”

“Funso si limenelo.”

“Funso ndi liti?”

“Funso ndi la kadontho aka.”

Anandiyang'ana monga ayang'anira mbuzi imene yalowa m'dimba kachitatu, n'kubwerera kukhitchini.

Mestre anazula matailosi onse, nayalanso simenti, ine ndili chiimire pambali ndi nivelo. Ndiyenera kumuchitira chilungamo: ntchito imene anaikana anaigwira mwaluso lodabwitsa. Lachitatu madzulo kadontho kanaima pakati penipeni, kulikonse kumene ndinayeza. Lalanje analiika pakati pa chipinda, ndipo linangokhala duu, ngati mwana womvera. Mtima wanga unadzaza. Mestre anapempha kuti athire ndowa imodzi yokha pansi kuti tione. Ine ndinakana, chifukwa ndinali nditatsimikiza kuti dontho loyamba la m'bafa limeneli ligwere pamutu pa asewere, osati pansi. Anatola lalanje lake, naliika m'dzanja langa.

“Lisungeni, patarau. Mukadzandifuna, mudzabwere nalo.”

Ndinakhoma chitseko, kiyi n'kuika m'thumba. Mawa lake ndinatenga machesi kuti ndikatenthe bafa la udzu lija, koma ndinapeza Naphiri ataima pakhomo pake. “Lanu lili m'nyumba,” anatero. “Ili ndi langa.”

Alendo anafika Loweruka masana, atafiira ndi fumbi la m'njira. Ine ndinali m'suti yanga yakuda, imene ndinkavala pamisonkhano ya ku Moatize. Amayi anakhala pamphasa m'chipinda chochezera: asewere aakazi, Naphiri, ndi Felisita ali ndi khanda pamiyendo. Nditapereka malonje, ndinatsogolera asewere aamuna kumpita, ndinawapatsa thaulo latsopano, sopo ndi kiyi, n'kunena mawu ochepa amene ndinali nditawakonzeratu. (Anali mawu abwino. N'zachisoni kuti palibe amene amawakumbukira.)

“Xii, kompadre!” anatero atasuzumira m'kati. “Mwalowa m'tauni tsopano!”

Chitseko chinatsekedwa, madzi anayamba kuwayaza, ndipo asewere anayamba nyimbo ya pa Misa, ndime yoyamba. Ine ndinaima mumpita manja kumbuyo, ndikumvetsera ngati kholo limene mwana wake akuwerenga mawu m'tchalitchi. Ali pandime yachiwiri ndinamva kuzizira m'masokosi.

Madzi ankatuluka pansi pa chitseko. Sankathamanga ayi, ankabwera mwaulemu, ndi thovu loyera patsogolo. Ndipo ndiulule chinthu chimene sindinauzepo munthu: choyamba kuchiona ine chinali chakuti madziwo ankatuluka mofanana kuyambira kumanzere mpaka kumanja kwa chitseko, popanda mbali yochuluka. Kunena zoona, pansi paja panali powongoka.

Ndinakankhira chopondera cha pakhomo pamenepo, chinamira. Ndinavula jekete la suti n'kulipinda ngati mkate, n'kutsekera mpata. Madzi analizungulira mbali zonse ziwiri, mofanana. Anadutsa pansi pa thumba la ufa wa phwando limene Naphiri anatsamiritsa pakhoma, nalunjika kuchipinda chochezera. Pamenepo ndinakaima pakhomo la chipindacho, miyendo nditatangadza, n'kuyamba kufunsa asewere aakazi za msewu wa ku Kambulatsitsi, ngati maenje ake anakwiriridwa. Iwo ankayankha bwinobwino mpaka thovu linadutsa pakati pa nsapato zanga n'kukhudza m'mphepete mwa mphasa.

Mayi aja ndi munthu woleredwa bwino. Anadziwa kuti madziwo ndi a ndani, ndipo achokera pathupi la ndani. Anapinda miyendo, nayang'ana kudenga, nati kwa Naphiri: “Komadre, kuno mvula imayambira pansi?”

“Imayambira m'mutu mwa eni nyumba,” anayankha Naphiri. Kenaka kwa ine: “Kagogodeni, atseke.”

Owerenga anga, taganizani. Kodi munthu umagogoda bwanji chitseko cha asewere ali maliseche? Umati chiyani? Ndinapanga ziganizo zitatu m'mutu, ndipo palibe chimene chinali choyenera. Asewere anali atalowa ndime yachinayi. Ndiye ndinachita chimene ndinachiyesa chanzeru ndi chaulemu: ndinathamangira panja n'kukatseka mpopi wa pathanki.

Nyimbo inaduka pakati pa liwu.

“Kompadre! Madzi! Kompadre, sopo m'maso!”

Zimene zinachitika m'katimo ndinazimva ndi makutu okha. Asewere, posaona, anapapasa kufuna thaulo, nagwira kabati. Kabati ija, ndinadziwa pambuyo pake, inali ya utuchi wopanikiza, ndipo miyendo yake inali itamwa madzi n'kufufuma ngati chigumu. Inagwada, n'kugwa chafufumimba, galasi lake phwaa! Ine pomva phokosolo ndinalowa m'nyumba chothamanga, ndinaponda thovu, ndipo ndinayenda chagada mpita wonse mpaka kukaima pamapazi pa asewere aakazi, tayi ili paphewa. Khanda linayamba kulira. Felisita anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka, ndipo mpaka lero amalimbikira kunena kuti ankalira.

Mkamwini wathu ndiye anapulumutsa bambo ake. Anawaponyera nsapato chifukwa cha magalasi, anawafunditsa chitenje cha Naphiri cha maluwa ofiira, nawatulutsa atawagwira dzanja ngati wakhungu, kudzera khomo la kuseri, mpaka kubafa la udzu. Kumeneko anapeza ndowa ya madzi ofunda ili kale pamwala. Naphiri anali ataiteleka kuyambira m'mawa, osandiuza.

Patapita kanthawi asewere anatuluka, maso ali psuu, akupukuta khosi. Pambuyo pawo pankabwera nkhuku yathu yamawangamawanga. Ine ndinali chiimire pabwalo, suti ikudontha.

“Kompadre,” anatero mokoma mtima, “ndinanena ine. Mpweya wabwino.”

Ubatizo unayenda bwino. Anthu poona maso ofiira a agogo a mwana ankati akulira ndi chimwemwe, ndipo ambiri anakhudzidwa. Ufa wa phwando anatibwereka anansi, amene anafuna kudziwa chifukwa chake, ndipo umo ndi mmene nkhani inafikira kumsika.

Lolemba m'mawa ndinatenga lalanje lija, n'kuyenda wapansi mpaka kwa Mestre Zakeyu. Ndinamupeza akunola chipande. Sanaseke. Analandira lalanje, nalinunkhiza.

“Likadali labwino,” anatero. “Ndimayesa mudzabwera litawola. Ndibwere ndi nyundo?”

“Mubwere nayo.”

“Nanga kachitsulo kanu kaja?”

“Kali ndi Naphiri.”

“Ndiye ndibwera.”

Lero pansi pa bafa langa ndi popendekeka. Madzi amapita kudzenje lawo popanda kufunsa munthu, ndipo ine ndimasamba nditayang'ana kudenga, chifukwa ndikayang'ana pansi mtima umandiwawa. Ndaphunzira kuti mmisiri ali ndi zifukwa zake, ndipo zimenezi ndimauza aliyense.

Komabe sabata yatha, nditakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, ndinaona kuti ngalande ya chitsulo imene Mestre anakhoma m'mphepete mwa denga, yotengera madzi a mvula kuthanki, yatsika mbali imodzi ndi zala zitatu zathunthu. Ndinangofunsa Naphiri kumene kuli makwerero, ndipo iye anati anabwereketsa kwa munthu wa ku Nkondezi amene dzina lake waliiwala. Mvula ikadali kutali. Makwerero munthu ukhoza kukhoma wekha.