Chamba cha a Sabata Imodzi

Amalawi onse a ku Ongar, dera la mu Dublin ku Ireland, ankadziwa kuti a Tarsizio Mbendera sakolola. Kudzala ankadzala, kudzitama ankadzitama, koma ukawafunsa kuti tsabola wawo apsa liti, yankho linali limodzi chaka chonse: "Kwangotsala sabata imodzi." Ankatero pa Khirisimasi, ankatero pa Pasaka. Mapeto ake dzina lawo la ubatizo linaiwalika. Kutchalitchi, pa basi, ngakhale pamaliro, anali a Sabata Imodzi.

Munda wawo unali m'kabati yowumitsiramo zovala, ija imakhala ndi thanki ya madzi otentha. Matawulo ndi mabulangete anasamutsidwa kuti alowemo makambuzi atatu a m'zidebe, omera ku njere zomwe mlongo wawo anatumiza mu envelopu kuchokera ku Ntcheu. Eni akewo khasu analigwira komaliza ali ku pulayimale, ndipo mu Dublin ankanyamula makatoni ku Coolock. Koma ukawamva akulankhula, ukanati minda yonse ya ku Tsangano anaswa mphanje ndi iwo.

Amene anasamutsa matawulo aja anali akazi awo, a Dyness. Banjali linakhala zaka zisanu ndi chimodzi ku hositelo ya anthu odikira mapepala, komwe munthu sankaloledwa ngakhale kudziphikira. Tsiku lomwe analandira kiyi wa fulati ya pansanjika yachitatu, a Dyness anam'manga pachingwe n'kumuvala m'khosi ngati korona. Ndani sadziwa kuvuta kwa nyumba mumzinda uno? Choncho lamulo lawo linali limodzi: landilodi asadzapeze chifukwa chowalembera kalata. Ankakolopa ngakhale masitepe omwe sanali awo.

Vuto linayamba tsiku lomwe a Tarsizio anapita ku sitolo yogulitsa nyale ndi chakudya cha mbewu za m'nyumba. Anapezako mzungu wandevu, wa mphete pamphuno.

"Mukulima chiyani, bwana?"

"Tsabola."

Mzunguyo anatsinzina diso limodzi. "Eya, tsabola. Dzulo kunabwera wa tomato. Tonsefe timalima tsabola."

"Wanga ndi wa kwathu. Wa ku Malawi."

Atamva dzina loti Malawi, munthu uja anaimirira n'kuwagwira chanza ndi manja awiri. Anati mbewu ya kumeneko ndi yotchuka dziko lonse, ndipo iye amangoimva m'mbiri. Anawapatsa ulere tchati cha masabata a maluwa, chonena chakudya chothira ndi nthawi yosiyira, komanso kagalasi koonera ngati zakhwima.

A Tarsizio anafika kunyumba chifuwa chili patsogolo. "Mayi a Luso, mukudziwa kuti kambuzi wathu amadziwika mpaka kuno? Mzungu watsala pang'ono kundigwadira!"

A Dyness anayang'ana tchaticho. Pamwamba pake panali chithunzi cha tsamba la zala zisanu ndi ziwiri, tsamba lomwe aliyense wokulira ku Malawi amalidziwa. Anangotenga sizasi n'kulidula bwinobwino, ndipo tchaticho chinakhomedwa pachitseko cha kabati chili ndi bowo.

Tchati chikati supuni imodzi, a Tarsizio ankathira zitatu. Ankati mwana wa ku Ntcheu sakhuta ndi chakudya cha azungu. Maluwa anayamba kuyoyoka ngati mvula. A Dyness, amene anakulira m'dimba la mayi awo, ankadziwa kuti mbewu ikayamba maluwa saidyetsa ngati nkhumba yokagulitsa. Koma ankadziwanso amuna awo. Ndiye ankapungula botolo la chakudya cha mbewucho n'kudzazamo madzi, n'kuthiramo tiyi pang'ono kuti mtundu usasinthe. Maluwa anasiya kugwa.

"Mwaona? Ndinakuuzani kuti inali njala," anatero a Tarsizio.

Panalinso nkhani ya njuchi. M'kabati simulowa njuchi kapena mphepo, ndipo duwa losagwedezedwa nthawi zambiri limangouma. Choncho m'mawa uliwonse, asanathamangire basi yopita ku nyumba ya okalamba komwe ankagwira ntchito, a Dyness ankatenga kathonje kotokosera m'makutu n'kuyendera duwa ndi duwa. Timakambuzi titayamba kuoneka, a Tarsizio anauza gulu lonse la abambo kuti njuchi za ku Ireland n'zophunzira, zimalowa pabowo la kiyi.

Ndipo kukolola kuja? Tsabola ankachita chikasu, iwo n'kumuunika ndi kagalasi kawo, kufunafuna zomwe tchati chinkanena, zomwe pa tsabola sizipezeka. Kenako ankapukusa mutu. "Sanafike." A Dyness ankathyola wa kuseri, mbali ya kukhoma, n'kuthira mu ndiwo. Bambowo ankadya thukuta lili kamukamu n'kumati, "Tsabola wa kwa amwenyeyu akuyesetsa ndithu. Koma dikirani wanga."

Chomwe chinautsa mapiri pachigwa chinali uthenga wa mawu womwe a Tarsizio anatumiza pa gulupu ya pafoni ya Amalawi. Anati: "Abale, ena chamba chawo ndi kwaya, ena ndi mpira. Ine chamba changa ndi ulimi. Ndiye ndikudziwitseni kuti chamba changa chachita maluwa. Kwangotsala sabata imodzi, aliyense adzalawa."

Mukudziwa m'mene timamverera ife. Chiyambi palibe anachisunga. Lamulungu masana kunabwera a Hosea, amene amasesa m'mabuloko athu, atavala chipewa mpaka m'maso.

"Akulu, kapang'ono chabe. Ka msana."

"Sikanapse."

"Ngakhale kosapsa, ndikayanika pa hita."

"Kosapsa sikawawa bwino, achimwene."

"Kuwawa?"

A Tarsizio anatsegula kabati mwaulemu ngati akutsegula tabenakulo. A Hosea anayang'ana, anayang'ananso, kenako anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi. Koma atapukuta m'maso nkhope inasintha. Anati ku ofesi ya eni mabuloko anamvako zinazake. Mayi wa pansi pawo anakadandaula za kuwala kwa pepo kwa nyale ya m'kabati kotuluka pawindo la kukhonde, ndi mabotolo a ku sitolo ija omwe anawaona m'bini.

Lolemba kalata inafika. Lachisanu teni koloko kudzabwera munthu wodzayendera nyumba, ndipo akadzapeza zosemphana ndi lamulo, pangano la nyumba lidzathera pomwepo. A Dyness anaiwerenga ataimirira, jekete la kuntchito asanavule.

"Bambo a Luso, kololani lero. Nyale ndi zidebe tikasungitse kwa a Hosea."

"Ndikolole wosakhwima? Tchati chikuti tili sabata yomaliza. Kwangotsala…"

"Mukamaliza mawu amenewo, mukagona m'kabatimo."

"Koma ndi tsabola, mayi! Kodi tsabola ndi mlandu?"

"Kwa ine ndi tsabola. Kwa mzungu amene sanaonepo khasu ndi masamba obiriwira pansi pa nyale ya pepo. Sabata yanu imodziyo tikathera kuti, pa siteji ya basi?"

Anavula kiyi uja m'khosi n'kumuika patebulo. A Tarsizio anamuyang'ana nthawi yaitali. Anatenga sizasi, anapita ku kabati, anaima pamenepo mpaka tiyi anazizira, n'kubwerera sizasi ili yoyera. A Dyness sanabwerezenso. Anasinthana shifiti ndi mnzawo, nayamba kukwecha nyumba: uvuni, mawindo, kuseri kwa firiji. Masiku atatu.

Lachisanu kunabwera mzungu wamtali wonyamula fayilo. A Tarsizio anam'landira atavala suti, n'kuganiza zoyamba ndi phunziro la chilankhulo. M'Chingerezi chawo cha ku sekondale anafotokoza kuti kwathu mawu oti chamba ali ndi matanthauzo awiri, lina ndi luso la munthu, linalo ndi fodya wamkulu uja. Mzunguyo, amene za uthenga wa pa gulupu sankazidziwa n'komwe, anangolemba tanthauzo lachiwirilo. Kenako anaona tchati. Chithunzi chinadulidwa, inde, koma mawu ake anali pomwepo.

"Ine za mbewu sindizidziwa," anatero akutulutsa foni. "Ndijambula nditumize kwa apolisi, adzaone okha."

A Dyness anaganiza zomwe zingatsatire. Apolisi pakhomo, anthu a m'buloko ali m'mawindo, landilodi akumva. Ngakhale atadzapeza kuti ndi tsabola, dzina likanakhala litada kale. Anadutsa pafupi ndi amuna awo, natambasula dzanja, n'kuthyola kambuzi wamkulu wa patsogolo penipeni, amene a Tarsizio ankamutcha mwana wachisamba.

"Mayi a Luso! Sanapse!"

Anamuika pa sosala ngati keke. "Lawani, bwana."

Mzunguyo anamwetulira, nati iye zakudya za amwenye amadya Lachisanu lililonse. Anaponya yense m'kamwa. Poyamba anagwedeza mutu ngati woyamikira. Kenako makutu anafiira, khosi linafiira, fayilo inagwa, ndipo anayamba kuyenda mozungulira pabalaza akupemerera lilime ndi kalata yawo yomwe ija. A Dyness anam'patsira kapu ya mkaka. Anali atathira kale m'mawa, pamodzi ndi ina yachiwiri.

Atapezanso mawu, analemba mu fayilo kuti ndi ndiwo zamasamba. Anangolamula kuti pawindo paikidwe katani yochindikala, ndipo soketi ya nyaleyo aione wodziwa za magetsi. Ali pakhomo anatembenuka n'kupempha awiri oti akapatse mlamu wake, yemwe sankagwirizana naye.

"Mubwere sabata ya mawa," anayankha a Tarsizio. Chitseko chitatsekeka anawongola tayi. "Mwaona mphamvu ya ulimi wanga? Ndipo ameneyo anali wosapsa. Akanakhala wakupsa, tikanaitana ambulansi."

A Dyness anatola kiyi n'kumubweza m'khosi. Katani anasoka okha madzulo omwewo.

Panapita zaka ziwiri za nkhani yomweyo. Pa chinkhoswe chilichonse a Tarsizio ankaifotokoza, ndipo mzungu uja ankatalikirabe, mkaka n'kumachuluka, mpaka unafika pa ndowa. Kenako a Tarsizio anayamba kutsika thupi. Kuchipatala dokotala akawafunsa m'mene akumvera, ankati kwangotsala sabata imodzi atuluka, ndipo anamwino ankaseka osadziwa kuti ndi dzina lawo.

Tsiku lina masana a Dyness anafika kuchokera ku shifiti, atanyamula phala m'fulasiki.

"Mwadzera kumunda?" anafunsa odwalawo.

"Ndadzera."

"Njuchi zikubwerabe?"

"Zikubwera."

"Muziiuza njuchiyo izipumako. Imadzuka m'mamawa kwambiri." Anatseka maso pang'ono. "Ndipo tiyi wa m'botolo uja, muzichepetsa masamba. Ankanunkhira."

A Dyness anaika supuni pansi. "Munkadziwa?"

"Mlimi amadziwa za m'munda mwake. Ngakhale wa kukhoma uja ndinkamuwerenga."

"Nanga bwanji simunkakolola, bambo inu? Tinatsala pang'ono kugona panja."

A Tarsizio anatsegula maso. Kenako anati, "Zaka sikisi tinkadikira kalata ya anthu ena, mayi a Luso. Ichi chokha ndinkadikira changa."

Anatisiya Lachinayi lotsatira, sabata isanakwane.

Gulupu ya Amalawi ilipobe, koma masiku ano ndi ya zidziwitso za maliro ndi za anthu ofuna zipinda. Palibenso wotumiza uthenga wa mphindi zisanu ndi zitatu wonena za maluwa. Pa siteji ya basi munthu akati kwangotsala sabata imodzi, kaya akunena za tchuthi, anthu amayamba kuseka, n'kulekera panjira. A Hosea akamasesa pansi pa buloko ija amaimika tsache n'kuyang'ana m'mwamba.

Luso, mwana wawo yekhayo, ndi namwino ndipo amakhala ku Crumlin, mbali ina ya Dublin. Maliro atatha anabwera ndi makatoni. Analankhula m'Chingerezi chake chofulumira kuti amayi asakhale okha, masitepe ndi ambiri, chipinda chilipo, kiyi abweze. A Dyness anamvetsera mpaka anamaliza. Anagwira chingwe cha m'khosi, kenako anapita kukatsegula kabati. Makambuzi anali atayambanso maluwa, oyera, ang'onoang'ono, ndipo kathonje kanali pamalo pake, pambali pa kagalasi.

"Mami, ndiye mubwera liti?" Luso anayesa Chichewa.

"Taona wekha, mwanangu, mbewu sasamutsa ili pa maluwa. Kwangotsala sabata imodzi."

Izi zinachitika chaka chatha. Makatoni aja, a Hosea anakawataya kalekale. Mukamadutsa ku Ongar masana a mitambo, yang'anani pansanjika yachitatu. Katani ndi yochindikala monga analamulira mzungu uja, koma pakona pake pamatsala kampata, ndipo a Dyness, amene sasiya chinthu chosalongosoka m'nyumba mwawo, sanakatsekebe.