Chitsulo chobisika cha Che Harun

Inali faifi koloko m'mawa, ndili mkati mosesa pabwalo, pamene ndinamva kunong'ona kuseri kwa mpanda: "Aneba! Aneba! Siyani tsachelo, mubwere mwakachetechete." Anali Che Harun, bambo amene mudzi wonse wa Malemia unkawadziwa ndi chinthu chimodzi: galimoto yawo sinkabwerera m'mbuyo.

Osati kuti inalibe giya ya rivesi. Inalipo, yatsopano ngati ya m'shopu, poti sinkagwiritsidwa ntchito. Che Harun anali ndi Landikuluza yakale yobiriwira, yokwera paliponse, ndi ngolo ya matayala awiri imene ankanyamulira njerwa, mchenga, tomato ndi mbuzi za pa Idi. Akapitirira nyumba yotsitsapo katundu, sankaima. Ankazungulira mudzi wonse, kukatulukira kumsewu wa ku Mishoni, n'kubwereranso pomwepo akubayibitsa anthu ngati phungu.

"Munthu wa cholinga sabwerera m'mbuyo," ankatero. "Zobwerera m'mbuyo n'za nkhanu."

Chilungamo chake tinkachidziwa awiri, ine ndi akazi awo, a Mwanahamisi. Che Harun sankatha kubweza ngolo. Akaiwongolera kumanzere inkathawira kumanja, akati aikonze inkapindika ngati chigongono. Anayeserapo katatu kuseri kwa nyumba, ndipo katatu konseko mpanda wanga unagona pansi. Udzu womangiranso ankakamweta ndi a Mwanahamisi.

M'mawa umenewo ndinapeza galimoto itachotsedwa bampala, ikuoneka ngati nkhalamba yoguluka mano. Pansi panali chitsulo cholemera, chotalika ngati munsi, chokhala ndi bowo la ngodya zinayi pakati. Anachiwotcherera ndi Faruku wa ku Naisi, amene anauzidwa kuti n'cha geti ya khola la ng'ombe. Che Harun analibe ng'ombe ngakhale imodzi.

"Ichi n'chokolekera ngolo," ananong'ona.

"Nanga si chilipo kale kumbuyoko?"

"Ichi n'chakutsogolo, aneba. Ngolo ikakhala kutsogolo, ndikuiona ndi maso angawa, ndiziikankha ngati wilibala. Ndilowa nayo paliponse."

"Nzeru zimenezo."

"Ndi nzeru, eya. Koma asaone munthu. Akaona a Makaiko, ine ndisamuka mudzi uno."

A Makaiko anali dalaivala wa mabasi wopuma pantchito. Ankakhala pakhonde la golosale tsiku lonse, n'kumauza aliyense kuti anakwerapo phiri la Zomba cham'mbuyo ndi basi yodzaza anthu.

Ntchito tinagawana motere. Che Harun anagwira pepala limene anajambulapo pulani. Ine ndinagwirizira chitsulo chija pa jeke kuti chisapendekeke. A Mwanahamisi anayala thumba pansi n'kulowa chagada kunsi kwa galimoto, chifukwa dzanja lawo lokha ndi limene linkakwana mkati mwa chasisi, mogwirira manati. Mabawuti anali asanu ndi atatu. Asanu ndi awiri analowa bwino. Lomaliza linakana, bowo linaphonya pang'ono, ndipo a Mwanahamisi analikulitsa ndi fayilo kwa ola lathunthu, dzimbiri likuwagwera m'maso.

"Tikupita bwino," ankatero Che Harun, ataweramira papepala. "Mangitsani, mayi. Ayi, osati choncho. Eya, choncho. Mwaona mmene ndikuchitiramu?"

Kunsi kwa galimoto kunachokera mawu odekha: "Bambo, mukafuna kuthandiza, kaikeni madzi a tiyi pamoto."

Anapita. Anabwera n'kunena kuti machesi sakuoneka.

Titabwezera bampala, bowo lija linangosuzumira pamene pamakhala nambala puleti. Apa m'pamene panali nzeru yeniyeni ya Che Harun, ndipo sindiwalanda. Anatulutsa m'thumba mahinji awiri, n'kumangirira nambala puleti kuti izitseguka ngati chivundikiro. Ukaitseka, palibe chooneka. A Mwanahamisi anawayang'anitsitsa mahinjiwo.

"Amenewa si a pakabati yanga?"

"Kabati siyenda pamsewu, mayi."

Tinamaliza teni koloko. Che Harun anasamba m'manja ndi sopo kwa nthawi yaitali, ngakhale m'manjamo munalibe kanthu. A Mwanahamisi anachapa chitenje chawo katatu, girisi osachoka, mpaka anachisandutsa chophulira mapoto.

Kwa zaka ziwiri chitsulo chija chinkagwira ntchito kuseri kwa mpanda kokha. Anthu ankangoona ngolo itaimikidwa mwaudongo pakati pa nkhokwe ndi mtengo wa mango, pamalo poti ngakhale njinga ungaiganizire kawiri.

"Mwailowetsa bwanji pamenepa?" anafunsa a Makaiko tsiku lina, akuyeza mpatawo ndi ndodo.

"Luso, achimwene. Sitiphunzitsa pagulu."

Kenako kunabwera Disembala uja. Chaka chimenecho kumunda sindinapate kanthu, ndipo chakudya changa chonse chinali chimanga cha kudimba, m'mphepete mwa mtsinje wa Domasi. Ndinali nditakolola n'kuunjika matumba makumi awiri ndi awiri pagombe, kudikira kututa mawa lake. Masana kuphiri kunada bii. Kwathu kunkangowaza, koma mtsinje unayamba kufiira ndi kunyamula zinyalala, ndipo aliyense wokulira kuno amadziwa tanthauzo lake.

Anthu anathamangira kudzandithandiza, koma chitunda chotsikira kudimba chinali choterera, amayi awiri anagwa ndi matumba pamutu. Che Harun anafika ndi galimoto n'kuima pamwamba. Njira yotsikira kudimba ndi yopapatiza, uku nthochi, uku ngalande, ndipo kumunsi kulibe potembenukira. A Makaiko analipo, ambulera ili m'manja.

"Apa m'pofunika kulowa cham'mbuyo ndi ngolo," anatero mokweza. "Mwayi wake tili ndi Che Harun. Paja inu ndi a luso."

Che Harun anatsala m'galimoto, manja ali pa chiwongolero. Anayang'ana mtsinje, n'kuyang'ana ine. Ine sindinapemphe kanthu. Ndinkadziwa chimene ndikanakhala ndikupempha.

Anatsika. Anauza amuna kuti amasule ngolo aikokere kutsogolo kwa galimoto. Kenako, anthu oposa makumi atatu akuona, anagwada m'matope ndi mkanjo wawo woyera n'kutukula nambala puleti. A Mwanahamisi, amene anabwera nawo m'galimotomo, anali atatulutsa kale kunsi kwa mpando kachitsulo ka mutu wobulungira kokolekapo ngolo. Anakalowetsa m'bowo muja, n'kutseka ndi pini.

Kenako mayi wina anakuwa: "Amayo! Galimoto ili ndi mchombo!"

Chiphokoso cha kuseka chinaposa mtsinje.

"Ndiye luso lija ndi limeneli?" anatero a Makaiko, akupukuta misozi.

"Tsekani pakamwa, achimwene, mungamwe mvula. Gwirani thumba."

Anaikankha ngolo ija kutsika nayo bwinobwino, osakhudza nthochi ngakhale imodzi. Tinapakira madzi ali m'mapazi. Tsono potuluka panalibe njira ina koma rivesi. Giya ija, italowetsedwa koyamba pagulu, inalira ngati mbuzi yokokedwa kumsika. A Mwanahamisi anakwera kumbuyo n'kumamenya denga la galimoto: kamodzi kumanzere, kawiri kumanja. Che Harun sanacheuke n'komwe. Ankangomvera dengalo, thukuta lili kamukamu, galimoto ikukwera chitunda pang'onopang'ono, ngolo ikuwatsatira pamaso ngati mwana wa ng'ombe. Ola lisanathe, pamene panali matumba anga pankadutsa mitengo yokokoloka ndi madzi.

Pamwamba, a Makaiko anali akudikira.

"Lero lokha mwabwerera m'mbuyo, Che Harun."

"Ine? Ine ndimapita kumudzi. Nkhope yokha ndi imene inatsalira kuyang'ana mtsinje."

Kuyambira tsiku limenelo chinsinsi chinasanduka chionetsero. Madalaivala ankachokera ku Naisi, ena ku Liwonde, kudzaona. Che Harun ankatukula nambala puleti ija mwaulemu ngati akutsegula mphatso ya ukwati. "Ndinamanga ndekha," ankatero. "M'mawa umodzi, ndi manja awiriwa." A Mwanahamisi ankabweretsera alendowo tiyi, n'kubwerera kukhitchini. Ngakhale a Makaiko anayamba kuuza anthu apaulendo kuti kuno kwathu kuli injiniya.

Che Harun anatisiya chaka chatha, atadwala miyezi itatu. Mudzi unachepa. Sitinkadziwa kuti kuzungulira kwawo kuja kunali basi yathu: agogo opita kuchigayo, amayi opita kusikelo, onse ankakwera ulere chifukwa choti bambo wina sankafuna kubwerera mayadi khumi. Lero aliyense amayenda pansi, thumba pamutu. A Makaiko amakhalabe pagolosale paja, koma alibe woti azimudikira kuti adutse kachiwiri.

Patatsala sabata kuti amwalire, ndinawapeza atagona pamkeka pakhonde, a Mwanahamisi atapita kumjigo. Anandikodola kuti ndiyandikire. Mawu anali atachepa kwambiri.

"Aneba, inu munalipo tsiku lija. Munaona amene anali kunsi kwa galimoto."

"Ndinaona."

"Ine pakamwa panga panazolowera bodza lija, sipangathenso kutembenuka. Ndiye ndikupemphani inu. Anthu akadzafunsa amene anamanga chitsulo chija, mudzanene kuti ndi Mwanahamisi. Mudzanene pagolosale, a Makaiko alipo, mokweza, osati mmene mumayankhulira inumu." Anapumira kaye, n'kutsegula diso limodzi. "Koma mudikire ndipite kaye."