Chiwindi cha Fanuwelo

Sekani, a Nabanda, sekani mano onsewo aoneke, koma amene akuti ndikunama aike pansi fodya akusankhayo, apite kuseriko akanunkhize khoma la balani, abwere adzandiyang'ane m'maso. Ine ndinawamba ng'ombe yathunthu m'balani ya fodya chaka chomwe tinamanga chiliza cha malemu amuna anga, ndipo dzuwa tsiku limenelo ndinaliimitsa ndine.

Mwana wanga Fanuwelo, uja ali ku Joni, anaimba foni kuti, "Amayi, ndifika tsiku la chiliza dzuwa lisanalowe, mundisungire chiwindi." Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma nyama ndimaidziwa, ndipo zomwe munthu anandichitira sindiiwala. Ng'ombe isanagwe n'komwe ndinali nditaigawa kale m'mutu: azilamu a ku Chisemphere, omwe pamaliro anabwera ndi nkhuku yodwala chitopa, awo mang'ina, achemwali a ku Kapelula, omwe anagona pano mpaka tsiku lometa, awo mwendo wathako, matenanti nthiti, poti mchenga wa chiliza anatuta ndi iwo, abusa linunda, kuti ulaliki ufupike.

Nyama siipsera pamodzi, mukumva? Ndinazula mapaipi otulutsa utsi kuti utsiwo ulowe m'balani, ndinayamba kupachika linunda pamikangala ya pamwamba, mitengo yopachikapo fodya ija, poti mafuta amachedwa, kenako miyendo, nthiti mthunzi utafika pachitsime, chiwindi pomalizira, chifukwa chiwindi sichidikira munthu, ukachichedwetsa chimasanduka mwala, ndipo fungo litatuluka agalu a mudzi uno ananenepa ndi kununkhiza kokha, afisi anachoka kunkhalango dzuwa likuswa mtengo n'kudzandanda pamzere mwaulemu ngati anthu odikira makuponi a feteleza.

Alendo anadya, kwaya inaimba, dzuwa linapendeka, Fanuwelo osaoneka. Ndinati mwana ananena kuti lisanalowe, ndiye silowa. Ndinasonkhezera nkhuni zaziwisi, utsi unakwera wolimba ngati mzati wa chigafa n'kukalichirikiza dzuwalo pamwamba pa dera la Wimbe, linaima pomwepo osasuntha, nkhuku zinagona chiimire, makanda anabadwa n'kumera mano tsiku lomwelo, fodya wa kunazale anawokedwa, anathyoledwa, anapita kuokushoni anthu asanayatse nyale, ine ndikungochikweza chiwindi kutali ndi moto, maso ali kumsewu, minibasi iliyonse ikaima ine n'kusuzumira, otsika n'kukhala ana a eni. Nkhuni zitatha ndinaponya mikangala, kenako chitseko, kenako mpando wa malemu, kenako bedi lomwe ndinamuberekerapo mwanayo. Mukumva?

Achemwali anabwera n'kundigwira dzanja. "Lisiyeni lilowe, anthu atopa."

Ndinalibenso choponya pamoto. Linagwa ngati dzungu lowola.

Ng'ombe ija inali yomaliza m'khola, balani sinaonenso tsamba, n'chifukwa chake mukundiona ndakhala nanu pano ndikusankha fodya wa eni. Foni ya Fanuwelo ndikaimba masiku ano amayankha mayi wachizungu, mawu ake omweomwewo chaka ndi chaka. Aliyense analandira gawo lake, ngakhale a nkhuku ya chitopa aja, palibe angandinene.

Koma chiwindi chilipo, chili pawaya m'balanimo, ndipo ndikulumbira pa chiliza cha amuna anga, chikadali chofewa, chikadali chofunda ngati ndachiphula lero. Khoma mukanunkhize, a Nabanda, koma musakalowe kukachikhudza. Si chanu.