Ufa wa Pamaliro a Ba Bornwell

Ba Bornwell Sakala sankapereka moni. Ukakumana nawo pamphambano ya ku Mpanshya, ankakugwira mkono pamwamba pa chigongono n'kuufinya ngati akusankha mbuzi pamsika.

"Dzulo munadyera chiyani?"

"Kabichi, ba Sakala."

"Kabichi ndi madzi ovala jekete. Ine ndafunsa zomanga thupi."

Mawu amenewa anawatola kusikelo, tsiku limene anapita kukapimitsa mwana wawo Davies chifukwa akazi awo, ba Emelda, anali chigonere. Namwino anaphunzitsa magulu onse a zakudya. Amayi anaiwala asanafike kunyumba, koma ba Bornwell anagwira gulu limodzi lokhalo mpaka imfa.

Chifukwa anali nacho. Ntchito yawo inali yokweza matumba a chimanga ndi makala panjinga kukafika kumsewu waukulu, ndipo zitunda zakuno sizimvera munthu chisoni. Anyamata amakono, amene amadikira minibasi ngakhale pokagula mchere, sangazimve zimenezi. Ba Bornwell ankati miyendo imadya nshawa ndi nyemba za kayela, msana umadya kapenta, mutu umadya mazira. Pamwamba pa zonsezi ankaikapo mbewa.

Pa mbewa pomwepa ndi pamene ankakanganirana ndi ba Mordecai, Mbemba wokonza njinga pansi pa mtengo wa pamphambanopo. Awiriwa anali pachimbuya. Mbemba ndi munthu wa kum'mawa ngati ba Bornwell amatukwanizana mwaufulu, ndipo mmodzi akafa, mbuya wake ndiye amaseketsa anthu pamaliro ndi kupaka ofedwa ufa kumaso.

"Lawa imodzi chabe, iwe wodya kolwe," ankatero ba Bornwell, akugwedeza kamtengo kopanira mbewa. "Taona mikono yako, ngati masipoko."

"Chotsa makoswe ako pa sipanala yanga."

"Nyani amene mumadya kwanu ndi msuweni wako. Iyi ndi nyama yaulemu, imadya chimanga chokha."

"Chimanga chakuba."

Zaka zonsezo ba Mordecai sanalawe ngakhale mchira. Tsiku lina, akupopa tayala, ba Bornwell anati, "Ndikadzafa usadzabwere ndi nkhope ya Lachisanu Loyera. Udzanditukwane bwinobwino, anthu adzadziwe kuti ndinali ndi mbuya." Ba Mordecai anayankha kuti zotukwana anazisunga kale, chikuchedwa ndi mtembo.

Kamodzi anapalasa limodzi mpaka ku Chinyunyu. Anthu amapita kumeneko kukaona kasupe wa madzi otentha. Ba Bornwell anapita ndi mazira m'sokosi, n'kuwamiza pakasupepo. Anati dzira lophikidwa ndi Mulungu mwini limalowa m'mafupa mwachindunji. Mazirawo anatuluka akununkha sokosi, koma anawadya onse, nakwera chitunda chotsatira akuimba nyimbo ya m'tchalitchi.

Kenaka kunabwera chitini. Davies, atakula n'kuyamba kunyamula zitsulo zolimbitsa thupi ku Lusaka, anatumizira bambo ake ufa wa mapuloteni, uja amagulitsa anthu opanda manyazi kwa ana a alimi a soya. Pachitinipo panali chithunzi cha mwamuna wotupa ngati thumba la mbatata. Ba Bornwell sanafunse kadyedwe kake. Anatapa ndi chipande, nauphika ngati phala, nadya mbale yodzaza. Mlungu umenewo njinga inakhala yotsamira khoma.

Ba Mordecai anapita kukawazonda. "Ndamva kuti zomanga thupi zayambira kumanga m'mimba."

"Choka pano."

Atachira anagamula mlandu: chakudya chopanda fupa, chopanda khoko, chopanda mchira, sachikhulupirira. Ufa wotere, anati, ndi wa munthu wopanda munda wa nshawa. Koma chitinicho anachiika pamwamba pa kabati, chifukwa mwamuna wa pachithunzi ankati akufanana nawo.

Thupi limene analimanga moyo wawo wonse linathyoledwa ndi lole ina pamsewu waukulu, dzuwa lili pamutu. Woyendetsa sanaime. Saima amenewa.

Ba Mordecai atamva, anamaliza kumata chubu chimene anali nacho m'manja, nachipopa, nachiviika m'madzi kuona ngati chikutuluka mpweya. Sichinkatuluka. Anatsuka m'manja napita kumaliro.

Kumeneko anakhala pabenchi ngati chitsa. Misozi sinabwere, mawunso ayi. Anthu ankawasuzumira, kudikira kuti mbuya ayambe ntchito yake, koma iwo ankangoyang'ana pedulo ya njinga yopindika imene wina anaitsamiritsa pankhokwe. Tsiku loika litafika, maliro anali zii, ngati a munthu wodutsa amene wafera m'mudzi wa eni.

Ba Emelda anawaitanitsa pakhomo. Mawu awo anali atasasa.

"Ba Mordecai, amuna anga apite chonchi? Popanda wowatukwana?"

"Mulamu, m'kamwa mwauma."

"Ndiye mukawauze nokha kumandako kuti munawanamiza."

Pomwepo amayi anadutsa ndi mabeseni a ndiwo za olira. Munali kabichi. Kabichi yekhayekha, woyandama m'madzi ake. Ba Mordecai anayang'ana mabeseniwo, nayang'ana m'nyumba. Pakabati mwamuna wotupa uja anali kuwayang'ananso.

Analowa osaodira, natsitsa chitinicho. Dzanja loyamba la ufa linatera pamphumi pa ba Emelda. Lachiwiri linamuyeretsa Davies ndi suti yake yomwe. Kenaka anagogoda pabokosi ndi chivundikiro.

"Iwe wodya makoswe, dzuka uone! Pamaliro pako anthu akudya madzi ovala jekete! Ndipo taona anthu asanu ndi mmodzi akulephera kukunyamula. Mbewa za m'boma lonse la Rufunsa zili m'bokosi muno, lero abale awo akuvina kumunda!"

Wina kumbuyo anaphulika. Kuseka kunayenda m'bwalo lonse mpaka kwa amayi a kwaya. Ufawo unkanunkhira ngati bisiketi, moti njuchi zinaperekeza maliro mpaka kumanda, ndipo Davies anayenda njira yonse akuzikupiza. Ba Emelda anaseka, kenaka analira kulira kwenikweni kumene kunali kutawakanirira pakhosi. Ba Mordecai anapaka aliyense amene anamupeza mpaka chitini chinatha. Iwo okha ndiwo sanaseke, sanalirenso.

Masiku ano pamphambano ya ku Mpanshya anthu amapatsana moni wamba. "Muli bwanji?" "Tili bwino." Palibe wofinya mkono kuti aone ngati n'zoona. Matumba a chimanga amapita pagalimoto, ndipo kabichi amadutsa poyera, mosabisa. Chitini chija chili pansi pa mtengo, ba Mordecai amasungiramo mabawuti.

Nthawi yokolola itatha, mayi wina anadutsa pamenepo ndi timitengo ta mbewa. Ba Mordecai anamuitana, nagula imodzi. Anaiyang'ana kwa kanthawi, naidya yonse, kuyambira mutu mpaka mchira. Sinakome, sinaipe. Atameza anatembenukira kumsewu wotsika ku Mpanshya, kudikira woti awakuwize.